Nkhalango imene inatha ikadali chiimire: nkhani ya mkungudza wa pa phiri la Mulanje

Ndikulembera anzanga a zankhalango, alangizi, alonda a malo otetezedwa, ndi aliyense amene ntchito yake ndi kuyang'anira zamoyo zopezeka malo amodzi okha. Mathero a nkhani ya mkungudza ambiri tinawamva. Mu 2017 gulu lofufuza linayenda phiri la Mulanje kufunafuna mikungudza yokhwima yomera yokha n'kupezako 7 basi, ndipo pobwereranso mu 2018 silinapeze mtengo wobereka njere ndi umodzi womwe. Umenewu ndi mtengo umene dziko lathu linausankha mu 1984 kuti ukhale mtengo wa fuko.

Anthu akamva zimenezi amafulumira kunena kuti ocheka matabwa ndiwo anamaliza mitengo. N'zoona, anaidula. Koma ine ndagwira ntchito m'phirimo, ndipo chimene chimandisowetsa tulo n'chakuti nkhalangoyo inali itayamba kale kutha pa nthawi imene mitengo ikuluikulu inali ikadali mbwee m'makwawa, ife tikuiyeza ndi tepi n'kumalemba m'mabuku kuti ilipo. Sinditchula maina a anthu amene ndinagwira nawo ntchito. Zolakwa zimene ndifotokoze pano zambiri ndi za tonse, ndipo zina ndi zanga ndekha.

Chizindikiro choyamba

Ndikadali mnyamata pantchito, ndinakwera phiri ndi mlonda wina wachikulire wobadwira m'mudzi wa m'tsinde mwa phirilo, mbali ya ku Phalombe. Tinalowa m'khwawa lina mmene munali mikungudza yakalekale. Amene sanauonepo mkungudza waukulu n'kovuta kumufotokozera. Thunthu lowongoka ngati mzati, loti anthu awiri atagwirana manja sangalizungulire, nthambi zoyambira kutali kumwamba, ndere zotuwa zili lendelende ngati ndevu za nkhalamba. Khungwa lake ndi lochindikala koma lofewa, ukalikanikiza ndi chala limalowa. Mtengo wotere umafika mamita 40. Ine ndinali kukamwa yasa, tepi m'manja, kuyeza mtengo uwu, kulemba, kupita pa wina.

Mkuluyo anandisiya mpaka nditamaliza tsamba lonse. Kenako anati, "Achimwene, kumwamba mwayang'anako mokwanira. Tsopano tayang'anani pansi, mundipezere mwana wa mtengo umenewu, mmodzi yekha."

Ndinafufuza m'khwawa monse, ndinatulukira kumphepete kumene nkhalango imakumana ndi udzu, ndinabwerera. Mitengo ina yamasamba aakulu inali ndi ana ake ambirimbiri pansi pa mthunzi. Mkungudza unalibe mbande, unalibe wofika m'chiuno, unalibe wolingana ndi mlongoti. Munali agogo okhaokha. Kumphepete kuja, kumene ana akanayenera kukhala, kunali zitsamba zakuda ndi moto wa chaka chatha.

"Ndiye agogowa akapita, mudzi utsala ndi ndani?" anatero, n'kunyamula chikwanje chake.

Pa fomu imene ndinanyamula panalibe malo olembapo zimenezo. Panali mzere wa kukula kwa thunthu, wa kutalika, ndi wonena ngati mtengo uli wamoyo kapena wouma. Ndinatsika phiri ndi lipoti lonena kuti khwawalo lili bwino. Chikomekome cha mkuyu.

Chifukwa chake mtengowu uli pa Mulanje pokha

Kuti timvetse kulemera kwa funso la mkulu uja, tiyambe ndi phirilo. Mulanje ndi chimwala chachikulu chimene chinaumbika pansi pa nthaka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo. Nthaka ndi miyala yofewa yozungulira inakokoloka pang'onopang'ono, icho n'kutsala chili njo pakati pa chigwa. Minda ya tiyi ndi midzi ya m'munsi ili pa mamita osafika ndi 1,000 omwe kuchokera pa nyanja ya mchere, pamene nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002. Pakati pa ziwirizi pali zidikha za pamwamba zimene tonse timazidziwa: Chambe, Lichenya, Thuchila, Sombani, Chinzama, Madzeka. Mphepo yachinyontho yochokera kum'mwera chakum'mawa ikagunda khoma la phirili imakwera, imazizira, n'kusanduka mvula ndi nkhungu. Ngakhale m'miyezi yachilimwe, pamene m'chigwa fumbi lili koboo, pamwamba pamagwa chiperoni, kamvula kowaza kaja kamene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique.

Mkungudza umamera pakati pa mamita 1,800 ndi 2,550. M'munsi mwa pamenepo mukutentha ndi kuuma kwambiri, pamwamba pake ndi miyala ndi mphepo. Choncho kwa mtengowu phiri lili ngati mmene Chisi chakhalira pakati pa nyanja ya Chilwa. Chigwa cha Phalombe ndi madzi amene sungawoloke. Njere zake ndi zazing'ono, zokhala ndi timapiko, ndipo zambiri zimagwera pafupi ndi mayi wake.

Nanga unafikako bwanji? Dzina la mkungudza limatisokoneza, chifukwa ndi lomwelo timalimva m'tchalitchi pokamba za mitengo ya ku Lebanoni, koma iyi ndi mitengo ya mabanja osiyana. Wathuwu, Widdringtonia whytei, abale ake enieni ali kum'mwera. Wina ali m'mapiri a Cederberg, wina ku Baviaanskloof, konseko ndi ku South Africa, ndipo wachitatu, Widdringtonia nodiflora, wafalikira m'mapiri kuyambira ku Cape, kudzera ku Drakensberg ndi kum'mawa kwa Zimbabwe, mpaka pa Mulanje pomwepa. Abale akutali ali ku Tasmania ndi ku mapiri a Chile ndi Argentina, chikumbutso cha nthawi imene maiko a kum'mwera kwa dziko lapansi anali ogundana. Akatswiri ambiri amaona kuti pa nyengo zimene dziko linkazizira, zomera za m'mapiri zinkatsika ndi kufalikira, ndipo kukayamba kutentha zinkabwerera m'mwamba n'kutsekeredwa pa nsonga zotalikirana. Gulu limene latsekeredwa pa phiri limodzi kwa mibadwo yosawerengeka limasintha mwa njira yakeyake mpaka kukhala mtundu wapadera. Si mkungudza wokha. Pa Mulanje pali kananzikambe kosapezeka kwina kulikonse, ndipo asayansi potcha gulu lake anabwereka mawu athu omwewa n'kuti Nadzikambia. M'bale wake anakapezeka pa phiri la Mabu, kutsidya kwa malire ku Mozambique.

Chimene mibadwo imeneyi inaumba mwa mkungudza, ndipo ndicho mtima wa nkhani yonseyi, ndi ubale wake ndi moto. Mbande ya mkungudza siikula pa mthunzi. Pansi pa nkhalango yothithikana imafa, n'chifukwa chake m'kati mwa khwawa lija sindikanapezamo mwana ngakhale zinthu zikanakhala bwino. Imafuna malo amene moto wadutsa n'kutsegula, kawirikawiri kumphepete kwa nkhalango, pakati pa miyala ndi zitsamba. Koma ikangomera imafuna zaka zambiri popanda moto wina, chifukwa khungwa lochindikala lija limabwera mtengo utakula. Waung'ono ukapsa wapita, suphukiranso pa chitsa. Ndiye kuti mtengowu umafuna moto wobwera mwa apo ndi apo, monga wa mphezi, wotsatiridwa ndi bata lalitali. Moto ukasowa kotheratu, mitengo ina imauphimba. Moto ukamabwera chaka ndi chaka, ana onse amatha. Kampata kamene mkungudza umakhalamo n'kochepa chotero, pa malo komanso pa nthawi.

Ife anthu tinatseka kampata ka nthawi. Osaka nyama ndi agalu amatentha tchire kuti nyama zituluke, ocheka matabwa amasiya moto pa misasa, ena amangoyatsa poyenda. Moto unasanduka wa chaka chilichonse.

Mitengo iwiri, dzina limodzi

Panali chinthu china chimene chinatiphimba m'maso. Ndanena kuti nodiflora nayonso ili pa Mulanje. Iyo ndi yaifupi, kawirikawiri ya mathunthu angapo otuluka pa tsinde limodzi, ndipo ikapsa imaphukiranso. Mtengo wathu waukulu unalembedwa m'mabuku a sayansi mu 1894 n'kupatsidwa dzina la Alexander Whyte, amene anatola zomera pa phirili kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890. Patapita nthawi akatswiri ena anagamula kuti iwiriyi ndi mtundu umodzi, kusiyana kwake n'kwa malo omera chabe. Maganizo amenewa anakhala zaka zambiri, mpaka kafukufuku wofalitsidwa mu 1997 anasonyeza kuti ndi mitundu iwiri yosiyana yokhala pa phiri limodzi.

Wina anganene kuti imeneyo ndi mikangano ya m'maofesi. Ayi ndithu. Ngati mtengo wa pa Mulanje ndi womwewo wa ku Zimbabwe ndi ku Cape, kutha kwake pano si kutha kwa mtundu, ndipo palibe chofulumirira. Komanso munthu woyendera phiri akaona tizitsamba tophukira pambuyo pa moto ankatha kulemba kuti mkungudza ukubwerera, pamene akuona m'bale wake uja. Ocheka matabwa sanasokonezekepo. Iwo ankadziwa bwino lomwe mtengo wotulutsa thabwa ndi umene sutulutsa. Tikanawafunsa.

Paini wobwera kudzalera

Kudula mkungudza kuti ugulitsidwe kunayamba zaka za m'ma 1890 zisanathe. Thabwa lake silidyedwa ndi chiswe, silivunda msanga ngakhale m'madzi, ndi lopepuka, ndipo limanunkhira mpaka kalekale. Linalowa m'madenga, m'zitseko, m'mafelemu a mawindo, m'maboti a kunyanja, ndiponso m'timabokosi tosemasema timene alendo amagula. Mu 1927 phirili linakhala nkhalango yotetezedwa ndi boma, ndipo a zankhalango a nthawi imeneyo, tiwayamikire, anaona kuti mkungudza uyenera kubzalidwa. Ena anaubzala pa phiri la Zomba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo pambuyo pake ku Chikangawa.

Pa Mulanje penipeni anabweretsa paini wa ku Mexico, Pinus patula. Ganizo linali lomveka: paini amakula msanga, ateteze mbande za mkungudza ku mphepo ndi chisanu, komanso apereke matabwa kuti anthu asiye mkungudza. Koma paini anapeza pa Mulanje nyengo yonga ya kwawo, popanda adani a kwawo. Anapitirira mkungudza kutalika, anautchinga dzuwa, anayamba kubereka akadali wamng'ono, ndipo njere zake zinauluka n'kukamera m'malo omwe aja otsegulidwa ndi moto amene mbande za mkungudza zimafuna. Mlezi analanda nyumba. Chidikha cha Chambe chinasanduka munda wa paini, mpaka panamangidwa chingwe chotsitsira mitengo kupita ku Likhubula, m'tsinde mwa phiri. Pamene bungwe losamalira zachilengedwe za phirili, la Mulanje Mountain Conservation Trust, linayamba kugwira ntchito pamodzi ndi boma, gawo lalikulu la mphamvu linapita pa kugwetsa ndi kuzula paini ameneyu. Kugamula kumeneko kunali koyenera, koma amene anazulapo paini akudziwa kuti njere zotsala m'nthaka zimamera ngati udzu moto ukangodutsa, ndipo ntchitoyo imabwerezedwa kangapo.

Mu 1986 kunabukanso nsabwe za mitengo zotchedwa Cinara cupressi, zochokera kunja kwa Africa, ndipo m'chigawo chino zinayamba kuonekera kuno ku Malawi. Zimayamwa madzi m'nthambi, masamba n'kufiira, mtengo n'kuuma. Zinapha mikungudza yambiri. Kenaka anabweretsa kamavu kakang'ono kochokera ku Ulaya koikira mazira m'nsabwezo, ndipo vutolo linachepa. Koma mitengo youma inali itachuluka, ndipo apa m'pamene nkhani inakhotera.

Chiphaso cha mtengo wouma

Lamulo linali lakuti mkungudza wamoyo sudulidwa. Ziphaso zinkaperekedwa kwa ocheka kuti acheke mitengo youma yokha, pa nyengo yoikika. Ndikanakhala pa tebulo limene anagamula zimenezi, ndikanavomereza. Mkungudza wouma umaima zaka ndi zaka thabwa lake lili bwinobwino. Kuusiya kuti udzapse ndi moto ndi kutaya chuma, pamene anthu a m'munsi akufuna ntchito ndipo boma likufuna ndalama zosamalira phiri. Papepala panalibe wotaya kanthu.

Chimene sitinachione n'chakuti tinaika mtengo wogulira pa imfa. Mkungudza wamoyo unali wopanda phindu kwa aliyense wa m'mudzi, koma ukangouma unkasanduka ndalama. Ndinayamba kupeza mitengo yosendedwa khungwa kuzungulira tsinde lonse, chilonda chotalika ngati mkono, utomoni ukutsika ngati misozi. Ina anaisonkhera moto patsinde. Woichita zimenezi sankafulumira. Ankadziwa kuti pakatha nyengo imodzi kapena ziwiri mtengowo udzalembedwa kuti ndi wouma, ndipo udzachekedwa motsata lamulo. Moto wa m'tchire nawonso unapeza abwenzi, popeza moto uliwonse woopsa unkasiya mitengo youma yatsopano. Ndiye onani: moto womwewo unkapha agogo kuti akhale matabwa, n'kupserezanso ana kumphepete.

Chachiwiri, thabwa likafika m'munsi silinena ngati linachokera ku mtengo wamoyo kapena wouma. Chiphaso chimodzi chinkaphimba matabwa ochuluka kuposa amene chinalembedwera. Sindibisa, pakati pa ife oyang'anira panalinso ena amene ankayang'ana kumbali.

Ndinakumanapo ndi mnyamata wina pa njira yotsetsereka, atasenza thabwa lotalika kuposa anthu awiri, nkhata ya nsanza pamutu, mapazi opanda nsapato akugwira mwala ngati zala za m'manja. Khosi linkanjenjemera. Sakanatha kuthawa, ndipo sanayesere n'komwe. Anatula thabwalo pang'onopang'ono, n'kukhala pansi. Nditamufunsa ngati akudziwa kuti walakwira lamulo, anati, "Bwana, kumunda kwanga ndi kuno. Kumunsi kuja mukukuona, malo onse ndi tiyi." Ndinayang'ana kumene ankaloza, ndipo kunalidi kobiriwira mpaka kumalire a maso, midzi itapanikizana m'mphepete. Ndalama imene akanalandira pa ulendo umenewo inali kachigawo kochepetsetsa ka mtengo wa thabwalo mumzinda. Odya phindu lenileni sanakwerepo phiri. Mulanje ndi Phalombe ndi maboma othithikana anthu, minda ndi yaing'ono, ndipo aliyense wokonza ndondomeko ya phirili osaganizira zimenezi akulemba za phiri lina.

Patapita nthawi ziphaso zinaimitsidwa. Kunali koyenera kutero, koma msika unali utakhazikika kale, njira zikudziwika, ogula akudikira. Kudula kunapitirira mobisa, kenako mosabisa n'komwe, ndi magulu akuluakulu oti mlonda mmodzi kapena awiri sakanalimbana nawo. Ndipo tsopano panalibenso chifukwa chodikira kuti mtengo uume.

Zimene manambala ananena

Kafukufuku wofalitsidwa mu 2007 anapeza kuti nkhalango ya mkungudza inatsala mahekitala 845, kuchoka pa mahekitala 1,462 mu 1989. Mwa mitengo imene inali chiimire, pafupifupi umodzi mwa itatu iliyonse unali wouma, ndipo mbande zomera zokha zinali zochepa kwambiri. Chenjezo linalembedwa momveka bwino. Komabe mahekitala 845 amamveka ngati malo aakulu, ndipo ambiri tinaganiza kuti nthawi ilipo. Patangopita zaka 10 panatsala mitengo 7.

Liwiro limeneli limadabwitsa anthu, koma siliyenera kudabwitsa wa zankhalango. Nkhalango yokhala ndi mitengo ya misinkhu yonse ukaidula yaikulu, yapakati imakwera kudzatenga malo. Nkhalango ya agogo okhaokha ilibe wolowa m'malo, ndiye mtengo uliwonse wogwa ndi wochotsedwa pa chiwerengero mpaka kalekale. Mapu athu ankasonyeza kumene mitengo yaima. Malo enieni amene mtundu wa chamoyo ukukhala ndi kumene ana ake akumera n'kupulumuka, ndipo tikanajambula mapu a malo amenewo tikanaona kuti anali atafota zaka zambiri m'mbuyomo.

Mu 2019, pa msonkhano wa ku Geneva wa CITES, mgwirizano wa maiko woyang'anira malonda a nyama ndi zomera za m'tchire, dziko la Malawi linapempha ndipo mkungudza unalowetsedwa pa ndandanda yachiwiri ya zamoyo zimene malonda ake odutsa malire amayang'aniridwa. Bungwe la IUCN, limene limalemba ndandanda ya zamoyo zimene zili pangozi pa dziko lonse, limauika m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'onong'ono kutheratu. Zonsezi n'zothandiza, koma zinafika m'makwawa muli zitsa.

Kubzala, ndi kulakwitsa kwanga kwachiwiri

Kuyambira mu 2016, Mulanje Mountain Conservation Trust, nthambi yofufuza za nkhalango ya FRIM ku Zomba, ndi bungwe la Botanic Gardens Conservation International anayamba ntchito yaikulu yobwezeretsa mkungudza. Anakhazikitsa manazale 10 m'midzi yozungulira phiri, anthu a m'midzimo n'kumafesa ndi kusamalira mbande zimene zinkagulidwa kuti zikabzalidwe pamwamba. Mbande zoposa 500,000 zinakwera phiri. Mfundo ya ntchitoyi inali yotembenuza cholakwa cha ziphaso chija: kwa nthawi yoyamba mkungudza wamoyo unayamba kubweretsa ndalama m'mudzi. Mayi amene akuthirira machubu m'mawa uliwonse, n'kulipira fizi ya mwana ndi ndalama ya mbande, amauona moto wa paphiri ndi maso ena.

Apa mitengo ya ku Zomba ndi ku Chikangawa ija inasanduka chuma chosayembekezeka. Mtengo umene chilengedwe chinautsekera pa phiri limodzi, lero mitengo yake yobereka njere ili pa mapiri amene sunafikepo wokha, kumene unanyamulidwa ndi manja a anthu. Dzanja lomwelo limene linabweretsa paini ndilo linasunga mbewu. Sindikunena izi kuti tizisamutsa zamoyo mwachisawawa, paini watiphunzitsa mokwanira. Koma kwa mtundu wokhala malo amodzi okha, kukhala ndi nkhokwe yachiwiri kutali ndi moto ndi macheka a malo oyambawo si nkhani yodikira kuti zinthu zivute. Chenjezo langa kwa otola njere ndi lakuti atsimikize kuti mtengo akutolapowo ndi whytei weniweni, popeza minda ina inabzalidwa nthawi imene mitundu iwiri ija inkasokonezedwa, ndiponso atole ku mitengo yambiri yotalikirana, osati iwiri kapena itatu ya pafupi ndi msewu.

Tsopano za ine. Pa malo ena amene ndinapatsidwa kuyang'anira kubzala, ndinasankha bwalo la udzu loyandikana ndi njira. Zifukwa zanga zinali zomveka kwa aliyense wodziwa ntchitoyi. Onyamula mbande atopa kale ndi chitunda, ndiye asapitenso kutali. Pa bwalo mizere imawongoka, kuwerenga n'kosavuta, ndipo alendo akabwera kudzaona ntchito amaiona ali panjira pomwepo. Tinabzala mvula ili mkati, zinagwira bwino, ndinalemba chiwerengero m'lipoti ndi mtima wokondwa.

Mu Juni ndi Julaye chisanu chinagona pa bwalopo, m'mawa udzu uli mbuu, ndipo nsonga za mbande zinapsa ngati zathiridwa madzi otentha. Zotsala zinakumana ndi dzuwa la Okutobala pa nthaka yosaya. Kenako moto unachokera kutsidya, unalumpha njira yotchinga imene tinalambula mochedwa komanso mopapatiza, ndipo unadutsa pa bwalo lonse nthawi yosakwana kuphika nsima. Ndinayenda m'mizere ija phulusa likadali lofunda, ndikuzula timitengo takuda tonga ndodo za machesi.

Zimene zinapulumuka ndi zimene onyamula ena anabzala mosatsata mizere yanga. Atatopa, anakatsitsa mbande zotsala kuseri kwa miyala ikuluikulu ndi m'kati mwa zitsamba kumphepete kwa khwawa, n'kuzibzala komweko. Tsiku limenelo ndinawadzudzula. Kumeneko mwala unatchinga mphepo ndi moto, zitsamba zinatchinga chisanu koma dzuwa likulowa, ndipo nkhungu yogwidwa ndi masamba inkadontha pansi. Ndi malo omwe aja amene mkulu uja ananditumako kukafuna ana, malo amene mkungudza unadzisankhira wokha kalekale ife tisanabwere ndi zingwe zoyezera mizere.

Ndinazindikira kuti ndabwereza cholakwa changa choyamba, kungochitembenuza. Poyamba ndinkawerenga agogo osafunsa za ana. Tsopano ndinkawerenga ana pa tsiku lobzala osafunsa kuti pakatha zaka zitatu adzatsala angati. Mafomu athu ambiri akadali otero, ndipo opereka ndalama nawonso amakonda nambala ya mbande zobzalidwa chifukwa ndi yaikulu komanso imabwera msanga. Mmera m'poyamba, inde, koma kwa mkungudza poyambapo ndi zaka zambiri, osati tsiku limodzi la mwambo wobzala mitengo. Kuchokera pamenepo ndinasintha zinthu zitatu pa malo anga. Ndalama yolambulira njira zotchinga moto ndimaipatula kaye ndisanawerenge mbande zoti ndigule, ndipo kulambula kumatha udzu usanaumitsitse. Malo obzala ndimasankha ndikuyenda ndi anthu amene anachekapo matabwa, chifukwa palibe wodziwa kumene mkungudza unkakula bwino kuposa amene anaugwetsa, ndipo chitsa chilichonse ndi umboni wakuti pamenepo mtengo unakhalapo zaka mazana. Chachitatu, gawo la malipiro limadikira kuwerenga kwa pambuyo pa nyengo ya moto, kuti tonse, ine ndi obzala, maso athu akhale pa mbande yamoyo. Mbande zobzalidwa zinachepa, ndipo lipoti langa linaoneka lofooka poyerekeza ndi a anzanga. Ndinavomera zimenezo.

Mmene zinthu zilili

Mkungudza sunathe pa dziko lapansi, koma pa phiri lake mulibe nkhalango yodzibereka yokha. Zimene zilipo ndi mitengo yaing'ono yobzalidwa ndi anthu, yomwazikana m'zidikha, yambiri ikadali pa msinkhu woti moto umodzi ukhoza kuimaliza. Paini akumerabe. Anthu a m'munsi akadali ndi minda yaing'ono yomweyo, ndipo macheka atasowa mkungudza anatembenukira ku mitengo ina. Mu 2025 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, inalemba phiri la Mulanje pa ndandanda ya malo a chikhalidwe ofunika pa dziko lonse, ndipo ndikuyembekeza kuti zimenezi zibweretsa maso ndi thandizo.

Ndinabwererako ku khwawa lija. Mkulu uja anatisiya kale. Mmene munali mizati muja muli zitsa zotuwa, zina zazikulu moti munthu akhoza kugonapo, ndipo ukapala pang'ono ndi chikwanje fungo limatuluka ngati mtengo wagwa dzulo. Kumphepete, kuseri kwa mwala, kuli mikungudza ingapo mwa imene onyamula aja anabzala. Umodzi wandipitirira kutalika. Ndinagwira khungwa lake, likadali lopyapyala ngati chikopa cha mbuzi. Udzu wozungulira unali utafika m'chiuno ndipo unayamba kale kufiira, choncho tinagona komweko masiku awiri, anthu anayi ndi makasu, mpaka tinalambula kuzungulira malo onsewo.